Buleki Ikamalira Ikukutsinani Khutu

Mawu omwe adayankhulidwa kwa atsogoleri a makalabu ndi achinyamata oyendetsa njinga zonyamulira zokolola



Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za phokoso la mabuleki akumbuyo a njinga yamoto ya mateyala atatu. Ena atha kunena kuti imeneyi ndi nkhani ya kugalaja osati ya msonkhano wa alimi. Ine ndikuti ndi nkhani ya ulimi ndithu. Njinga zimenezi zalowa m'makalabu ndi m'makoparetivi athu, zina zogula ndi ndalama za mamembala, zina za ngongole, zina zopatsidwa ndi mabungwe. Ndizo zimakatenga feteleza kudepoti, ndizo zimanyamula soya, mtedza, chimanga ndi mkaka kupita kumsika, ndipo mayi akadwala usiku ndi zomwezo zimathamangira naye kuchipatala. Njinga ikaima masabata awiri pakati pa nyengo ya malonda, mbewu zathu zimagulidwa pakhomo ndi mavenda pa mtengo womwe iwo afuna. Ikagwa pamtsetse timataya katundu, njinga, mwinanso mwana wathu woyendetsayo, koma ngongole yokha imatsala.

Mfundo yanga ndi imodzi. Phokoso si matenda ayi, ndi chizindikiro chabe. Pa ntchito ya ulangizi tinkauzana kuti chimanga chikachita chikasu osathamangira kukagula feteleza. Yambani mwaona ngati m'munda mwadzaza madzi, ngati muli kaufiti, kapena ngati chakudya chachepadi m'nthaka. Buleki nayonso ndi chimodzimodzi. Ikamalira ikukuuzani kanthu, ndipo akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ntchito yathu si kuitseka pakamwa, koma kumva chomwe ikunena, kupeza gwero lake ndi kukonza gwerolo.

Momwe buleki yakumbuyo imagwirira ntchito

Njinga zambiri zonyamula katundu zomwe tili nazo ndi zochokera ku China. Injini imazunguza shafiti, shafiti imalowa mu difu, ndipo difu imagawira mphamvu ku mateyala awiri akumbuyo. Teyala lililonse lili ndi buleki yakeyake ya mtundu wa dilamu. Dilamu ndi mbale yachitsulo yakuya ngati poto, yomwe imazungulira pamodzi ndi teyala. Mkati mwake muli zitsulo ziwiri zopindika ngati mwezi wongooneka kumene, zomwe amakaniko amati ma brake shoe. Pamsana pa chitsulo chilichonse adamatapo kapena kukhomerapo chikhungu cholimba chotchedwa layiningi, ndipo chikhungu chimenechi ndicho chimadyeka pang'onopang'ono.

Mukaponda chopondera buleki, ndodo yachitsulo imakoka kadzanja komwe kali kuseri kwa teyala. Kadzanjako kamapotoza kachitsulo kophwatalala kotchedwa kamu, ndipo kamu imakankhira ma brake shoe kukhoma la dilamu. Kukhulana kumeneko ndiko kumaimitsa njinga. Mukachotsa phazi, masipuling'i amabweza zonse m'malo mwake. Njinga zina, monga za Bajaj za ku India zonyamula anthu m'mizinda, zimagwiritsa ntchito mafuta a buleki m'malo mwa ndodo, koma mkati mwake mulinso dilamu, ma brake shoe ndi masipuling'i.

Zinthu ziwiri muzikumbukire. Choyamba, katundu yense amakhala pamwamba pa mateyala akumbuyo. Matumba 10 a makilogalamu 50 ndi theka la tani, choncho njinga ikasenza, ntchito yaikulu yoimitsa ili pa madilamu awiriwo. Chachiwiri, dilamu ndi yotsekeka. Fumbi, mchenga, madzi ndi kutentha zikalowamo zimachedwa kutuluka.

Mafunso anayi musanagwire sipanala

Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mukapita kwa makaniko n'kungoti njinga ikusokosa kumbuyo, mwamupatsa mpata wosintha chilichonse chomwe wafuna. Yambani mwayankha mafunso anayi awa.

Loyamba, kodi phokosolo likubwera mukaponda buleki, kapena lilipo ngakhale phazi lili kutali ndi chopondera? Lachiwiri, kodi ndi lopitirira, kapena likubwera ndi kupita motsatira kuzungulira kwa teyala? Lachitatu, likuchokera mbali iti, kumanja kapena kumanzere? Lachinayi, lidayamba chitachitika chiyani? Mwina mudaoloka mtsinje, mwina mudatsika phiri ndi katundu wolemera, mwina njinga idangochoka kumene kwa wokonza.

Kuti mupeze mayankho, tsitsani katundu yense ndipo pezani malo athyathyathya opanda ana ndi ziweto. Woyendetsa ayendetse pang'onopang'ono ngati munthu woyenda pansi, mnzake azitsatira m'mbali chapatali pang'ono, poyamba kumanja kenako kumanzere. Aponde buleki mopepuka, aisiye, apondenso mwamphamvu. Mukatero yendani mtunda wa kilomita imodzi osaponda buleki yakumbuyo, muime ndi yakutsogolo, ndipo muyandikize kuseri kwa dzanja pa dilamu iliyonse osaigwira. Ngati simudaponde, madilamu onse ayenera kukhala ozizira kapena ofunda pang'ono mofanana. Yomwe yatentha yadziulula yokha.

Mitundu ya phokoso ndi tanthauzo lake

Pali kulira kwa m'mawa. Njinga yagona panja kwagwa mvula kapena mame, mukuponda koyamba n'kumva tswii, koma mukaponda kanayi kapena kasanu phokoso latha. Limenelo ndi dzimbiri lopyapyala lomwe lagwira mkati mwa dilamu usiku, ndipo limachoka lokha. Musaonongerepo ndalama.

Pali kulira kwa tswii kosatha, kobwera nthawi iliyonse mukaponda. Kawirikawiri gwero lake ndi fumbi lomwe ladzaza mu dilamu, kapena layiningi yomwe yapsa n'kusalala ngati galasi chifukwa chopondereza buleki nthawi yaitali pamtsetse. Layiningi yotere imalira kwambiri koma imagwira pang'ono. Ma brake shoe otsika mtengo okhala ndi layiningi youma gwa nawonso amalira chomwecho ngakhale ali atsopano. Ngati layiningi ikadali yochindikala, mankhwala ake ndi kutsuka ndi kupala, monga ndifotokozere posachedwa.

Pali phokoso la chitsulo kukhula chitsulo chinzake, lija la khwee ngati mukunola chikwanje pamwala, lobwera mukaponda. Limeneli ndi loimitsa ulendo pompo. Likutanthauza kuti layiningi yatha ndipo timisomali take kapena chitsulo chenichenicho chikudya dilamu. Nthawi zina ndi mchenga kapena kamwala komwe kadalowa pooloka madzi. Ulendo uliwonse womwe mungaonjezere ukukumba mizere mu dilamu, ndipo dilamu ndi yodula kuposa ma brake shoe. Kopanda kusamala, vuto la chipangizo chimodzi limasanduka la ziwiri.

Pali kukhula komwe kumamveka phazi lisali pa chopondera. Apa buleki siikubwerera. Mwina nati yosinthira idamangidwa mopitiriza, mwina sipuling'i yaduka kapena yatamuka, mwina kamu yagwira dzimbiri ndi matope, mwina handibuleki siikumasuka yonse, mwinanso layiningi yamatuka ndipo ikungoyendayenda mkati. Njinga yotere imalemera pokankha, imamwa petulo wambiri ndipo dilamu yake imatentha. Layiningi yomatuka ndi yoopsa kwambiri chifukwa itha kukakamira n'kumanga teyala limodzi mwadzidzidzi, ndipo njinga ya mateyala atatu ikamangika mbali imodzi siichedwa kutembenuzika.

Pali kugogoda kwa gu, gu, gu kotsatira kuzungulira kwa teyala, chopondera n'kumanjenjemera kuphazi. Musanaganize zazikulu, yesani manati a teyala ndi sipanala. Akakhala olimba, onani maboti omwe amagwira mbale yosazungulira ija pomwe pamakhala ma brake shoe. Akakhalanso olimba, ndiye kuti dilamu yapindika ndi kutentha, kapena ekiselo yapindika ndi katundu wopitirira muyeso. Kugogoda kamodzi kokha poyamba kuponda, kapena posintha kuchoka kutsogolo kubwerera m'mbuyo, kumasonyeza kuti china chake chakhwepa, monga maboti ogwira ekiselo ku masipuling'i onyamula katundu.

Pali phokoso lina lomwe timanamizira buleki. Kulirima kwa huu komwe kumakula ndi liwiro, kosasintha mukaponda, kawirikawiri ndi bering'i ya teyala. Kwezani teyalalo, gwirani pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamagwedera, bering'i yatha. Ngati kulirimako kukusintha mukaonjezera kapena kuchepetsa moto, yang'anani difu ndi shafiti, ndipo muyambe ndi kuona ngati mu difu muli oyilo wokwanira. Kusintha ma brake shoe pa vuto la bering'i ndi kuthira feteleza m'munda wa kaufiti.

Pomaliza pali vuto lomwe nthawi zina limabuula, nthawi zina limangokhala chete. Kumapeto kwa ekiselo kuli kamphira kotchinga oyilo wa mu difu, komwe amati oil seal. Kakatha, oyilo amalowa mu dilamu n'kunyowetsa layiningi. Buleki imayamba kugwira modzidzimutsa ndi kubuula, kenako imangoterera, ndipo njinga imakokera mbali imodzi poima. Chizindikiro chake ndi fumbi lonyowa lakuda kuseri kwa teyala. Pa njinga za mafuta a buleki, kasilinda ka mkati mwa dilamu kakamadontha zotsatira zake ndi zomwezi, ndipo mafuta amatsika m'kabotolo kake. Choncho musaganize kuti buleki yachete ndiye yabwino. Yabwino ndi yomwe ikuimitsa njinga mowongoka.

Kutsegula ndi kukonza

Ntchito imeneyi achinyamata athu atha kuigwira ngati atsata ndondomeko. Imikani njinga yopanda katundu pamalo olimba ndi athyathyathya, zimitsani injini, ndipo tsekerezani ndi miyala kapena mitengo teyala lakutsogolo ndi lakumbuyo lomwe simukulichotsa. Masulani pang'ono manati teyala likadali pansi. Ikani jeke pansi pa ekiselo, mukweze, kenako muikepo chipika cholimba chochirikiza. Musadalire jeke yokha ndipo musagwiritse ntchito njerwa, chifukwa njerwa imasweka osachenjeza.

Chotsani teyala, masulani handibuleki ndi nati yosinthira ija kuti ma brake shoe abwerere mkati. Pa njinga zina dilamu imangosololoka. Pa zina pali nati yaikulu yapakati yotsekedwa ndi kapini. Ikakanirira, gogodani mozungulira ndi hamala kudzera pa thabwa. Musamenye mutu wa ekiselo, mungaphwanye mazinga ake. Ikakanabe pitani kwa makaniko yemwe ali ndi chida chokokera.

Mukatsegula, fumbi la mkatimo musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu. Layiningi ina imakhala ndi asibesitosi, ndipo simungaizindikire ndi maso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti asibesitosi wa mtundu uliwonse amayambitsa khansa, ndipo maiko a mu European Union adamuletsa kotheratu mu 2005. Phimbani mphuno ndi pakamwa, nyowetsani fumbilo ndi madzi a sopo, pukutani ndi sanza yonyowa ndipo sanzayo muimange m'pepala la pulasitiki ana asaitole. Sambani m'manja musanadye.

Musanachotse kanthu kalikonse jambulani ndi foni momwe masipuling'i akhalira. Gwirani mbali imodzi kaye, inayo ikhale chitsanzo chanu.

Tsopano onani zinthu izi. Layiningi ikafika pa mamilimita 2 pamalo pomwe yadyeka kwambiri, kuchindikala kwa kamtengo ka machesi, nthawi yake yakwana. Ngati ndi yokhomera, isinthidwe mitu ya timisomali isanafike pamwamba. Ngati yang'ambika, yayamba kumatuka kapena yanyowa ndi oyilo, isinthidwe ngakhale ikhale yochindikala. Ndipo lamulo lake ndi ili: ma brake shoe amasinthidwa onse anayi nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere. Mukasintha mbali imodzi, mbali ziwirizo zizigwira mosiyana ndipo njinga izikhota nthawi iliyonse mukaponda.

Yendetsani chikhadabo mkati mwa dilamu. Timizere tosaya timachoka ndi sandipepa. Mizere yakuya yokola chikhadabo, mng'alu, kapena mawanga obiriwira a kupsa, zimenezo n'zofunika makaniko. Madilamu ambiri amalembedwa nambala yosonyeza kukula komaliza komwe mkati mwake mungafike. Dilamu ikadyeka kupitirira nambala imeneyo, ngakhale ma brake shoe atsopano sagwira bwino, ndipo iyenera kugulidwa ina.

Ngati layiningi yangosalala, ipaleni mopepuka ndi sandipepa ya nambala 80 kapena 120, mutainyowetsa kuti fumbi lisauluke, mpaka kunyezimira kuthe. Senderani pang'ono nsonga zake ziwiri kuti zisakhale zakuthwa, chifukwa nsonga yakuthwa ndiyo imayambitsa kunjenjemera komwe timamva ngati kulira. Palaninso mkati mwa dilamu, mutsuke ndi madzi a sopo kapena mankhwala otsukira mabuleki, ndipo muumitse.

Masipuling'i otamuka, adzimbiri kapena osintha mtundu ndi moto asinthidwe. Ndi otsika mtengo, koma ndiwo amaletsa buleki kukakamira. Sololani kamu, muchotse dzimbiri, mupake girizi wopirira kutentha pa mtengo wake ndi pomwe ma brake shoe amatsamira. Girizi akhale wochepa ngati njere ya mpunga pamalo aliwonse, ndipo asakhudze layiningi kapena mkati mwa dilamu ngakhale pang'ono.

Mukapeza oyilo, kusintha ma brake shoe okha ndi kutaya ndalama. Sinthani oil seal, onani bering'i, ndipo onetsetsani kuti mu difu simudathiridwe oyilo wopitirira komanso kuti kabowo kopumira ka pamwamba pake sikadatsekeke ndi matope. Kabowoko kakatsekeka, mpweya wotentha umakankhira oyilo ku mateyala.

Potseka, nati yapakati ilimbe ndipo kapini kakhale katsopano. Msomali wa denga si kapini.

Njira zachidule zomwe zimapha

Pali zinthu zinayi zomwe zimachitika m'midzi mwathu zomwe ndikupempha kuti zithe.

Choyamba ndi kuthira oyilo, dizilo kapena palafini mu dilamu kuti phokoso lileke. Limalekadi, ndipo buleki nayo imalekera pomwepo. Chachiwiri ndi kuotcha pamoto ma brake shoe onyowa ndi oyilo. Oyilo amalowerera mkati mwa layiningi ndipo amatulukanso buleki ikatentha, pomwe motowo umafooketsa guluu yemwe adamatira layiningiyo. Chachitatu ndi kusuntha kadzanja ka kamu pa mano ake, kapena kuika tizitsulo pansi pa ma brake shoe, pofuna kuti otha agwirebe ntchito. Kamu ikapotoka mopitirira itha kuima chopingasa n'kukana kubwerera, teyala n'kumangika muli pa liwiro. Chachinayi ndi kumasula ndodo ya mbali yomwe ikulira n'kumayenda ndi buleki ya teyala limodzi. Zonsezi zimapulumutsa ndalama ya lero, koma pakadafunda padajiwitsa galu.

Kwa omwe njinga zanu zili za mafuta a buleki, thirani okhawo olembedwa pa chivindikiro, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4. Oyilo wa injini amatupitsa timphira ta mkati n'kuononga zonse. Chopondera chikamafewa ngati siponji, mwalowa mpweya kapena penapake pakudontha, ndipo njingayo isanyamule kanthu mpaka makaniko ataiona.

Kusintha nati ndi kuyesa

Mateyala onse akumbuyo ali m'mwamba, mangani nati yosinthira ya mbali imodzi mpaka teyala liyambe kukhula, kenako mubweze pang'ono mpaka lizizungulira momasuka. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Chopondera chiziyenda masentimita 2 kapena 3 buleki isanayambe kugwira, pokhapokha buku la njinga yanu litanena zina. Wina aponde pang'ono, inu muyese kuzunguza teyala lililonse ndi manja. Kulimba kwake kufanane. Onaninso kadzanja ka kamu buleki ili yoponda. Ngati kapendekera kwambiri kumbali ya ndodo ndipo nati yafika kumapeto kwa mazinga, ma brake shoe atha, musakakamize.

Tsitsani njinga, limbitsani manati a teyala modumphitsa, ndipo muyese pa msewu wafumbi wopanda anthu. Pa liwiro lochepa pondani mwamphamvu, mutsike mukaone mizere pansi. Ikhale iwiri, yoyambira pamodzi ndi yotalika mofanana. Ukaoneka umodzi, mbali inayo siikugwira. Ma brake shoe atsopano amafuna kuzolowerana ndi dilamu, choncho imani mofatsa maulendo 15 kapena 20 mukupatsa mpata woti zizizire, ndipo tsiku loyamba musasenze katundu wodzaza. Pakatha sabata onaninso manati onse.

Kayendetsedwe ndi katundu

Mabuleki ambiri amaonongeka ndi phazi la woyendetsa ndi dyera la eni katundu. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe buleki iyenera kuimitsa imawirikiza kanayi, ndipo mphamvu yonseyo imasanduka moto mkati mwa dilamu. Amene mudatsikapo pa Chiweta ku Rumphi, pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena m'mapiri otsikira ku Thabwa popita ku Chikwawa, mukudziwa fungo la mabuleki opserera. Mitsetse ya kwathu ndi yaifupi poyerekeza ndi imeneyo, koma madilamu a njinga zathu nawonso ndi aang'ono.

Lamulo la pamtsetse ndi losavuta. Giya yomwe mungakwerere phirilo ndi yomweyo mutsikire, ndipo muilowetse musanayambe kutsika. Injini igwire njinga, buleki izingothandiza. Pondani, siyani, pondaninso, osati kugoneka phazi pa chopondera mpaka kunsi. Mchitidwe wozimitsa injini kapena kuchotsa giya pamtsetse pofuna kusunga petulo uthe. Petulo yemwe mungasunge sakwana kapu, koma mwasiya theka la tani m'manja mwa madilamu awiri okha. Mukamva fungo la kupserera imani pamalo abwino, mutsekereze mateyala ndi miyala ndipo mudikire zizizire zokha. Musathire madzi pa dilamu yotentha, imapindika kapena kung'aluka. Mukaoloka madzi, yendani pang'ono mukuponda mopepuka mpaka buleki iume.

Za katundu, onani muyeso womwe udalembedwa pa njinga kapena m'buku lake ndipo kalabu iulembe ndi penti pa bodi, m'chiwerengero cha matumba, kuti pasakhale kukangana pokweza.

Udindo wa kalabu ndi wa bungwe lathu

Amayi ndi abambo, zonse ndanenazi sizingathandize ngati malamulo a kalabu akulimbana nazo. Tikamalipira woyendetsa potengera maulendo omwe wayenda, n'kumamudula ndalama njinga ikaima, tamuphunzitsa tokha kubisa phokoso. Iye ndiye amalimva poyamba. Choncho ndikupempha kuti kalabu iliyonse ikambirane mfundo izi pa msonkhano wake wotsatira.

Woyendetsa akhale ndi mphamvu yoimitsa njinga akamva chitsulo chikukhula chitsulo, kapena buleki ikamakokera mbali imodzi, popanda kudulidwa malipiro, ngakhale katundu yemwe akudikirayo ndi wa a wapampando. Pakhale kabuku ka njinga momwe muzilembedwa tsiku lomwe phokoso lidayamba, chomwe chidapezeka, chomwe chidasinthidwa ndi mtengo wake. Pa ndalama ya ulendo uliwonse msungichuma azipatula gawo la zokonzera, ndipo gawolo lisabwerekedwe. Madilamu azitsegulidwa ndi kutsukidwa kawiri pa chaka, mvula ikangotha tisanayambe kututa zokolola, komanso malonda akatha tisanayambe kunyamula feteleza. Ma brake shoe anayi, masipuling'i, ma oil seal awiri ndi timapini zigulidwiretu zikhale m'bokosi.

Pogula, tengani chakale mukafanizire, chifukwa njinga zooneka zofanana zimakhala ndi madilamu osiyana kukula. Funsani lisiti nthawi zonse, ndipo makaniko akasintha chinthu akubwezereni chakalecho komiti ichione. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma dandaulo lopanda lisiti ndi lovuta kulitsatira.

Kwa atsogoleri a bungwe lathu ndili ndi mapempho atatu. Loyamba, aliyense wotigulitsa kapena kutipatsa njinga zimenezi azipereka buku lake, maphunziro a woyendetsa ndi wokonza, komanso atiuze sitolo yomwe zipangizo zake zimapezeka, ndipo zimenezi zilembedwe mu mgwirizano tisanasayine. Njinga yopanda sipeyala ndi khola la nkhuku la mawa. Lachiwiri, tipemphe a Malawi Bureau of Standards, omwe ntchito yawo kuyambira 1972 ndi kuona ubwino wa katundu, kuti aziunikanso zipangizo za mabuleki a njinga zamoto zomwe zikugulitsidwa m'misika ya kumidzi. Mlimi sangayeze layiningi ndi maso. Lachitatu, tikambirane ndi a TEVETA, omwe adakhazikitsidwa mu 1999 kuti aziyang'anira maphunziro a ntchito za manja, kuti achinyamata athu, anyamata ndi atsikana omwe, aphunzire kukonza njinga zimenezi kufupi ndi kwawo. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu imodzi siingamveke, koma bungwe lonse likayankhula amamva.

Pomwe tikudikira zimenezo, pali ntchito yomwe siifuna chilolezo cha munthu. Mawa m'mawa, musanakweze thumba loyamba, tsitsani zonse pa bodi, mupeze malo athyathyathya, wina ayendetse wina amvetsere. Yankhani mafunso anayi aja, muone mizere iwiri pa fumbi, ndipo zomwe mwapeza mlembi azilembe m'kabuku.

 Omwe muli ndi mafunso, njinga ili panjapo, tiyeni tikatsegule dilamu imodzi tione limodzi.